Nkhondo ya Chiwaya ndi Amene Adatsala Kumudzi

Ana athu amene akuphunzira m'sukulu za kuno ku London amaidziwa bwino mbiri ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Amaphunzira za ngalande za ku France ndi ku Belgium momwe anyamata adathera ngati ngumbi. Amaphunziranso za moyo wa anthu amene sadapite kukamenya nawo: amayi amene adalowa ntchito m'mafakitale a zipolopolo, chakudya chimene chidayamba kugulidwa mwa muyezo mu 1918, anthu 73 amene adafa fakitale ya wonga itaphulika ku Silvertown mu Januwale 1917, ndi ana 18 amene bomba la ndege lidawapeza ali m'kalasi ku Poplar mu Juni chaka chomwecho. Angerezi adazisunga zonsezi m'mabuku, m'nyumba zosungiramo zakale ndi pa zipilala.

Chimene ana athuwa sachimva m'kalasi n'chakuti nkhondo yomweyo idagwanso pakhomo pa agogo a agogo awo. Idafika ku Karonga, ku Mangochi, ku Dowa, ku Ntcheu ndi ku Mulanje. Idafika ku Chipata, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Fort Jameson, ndiponso m'chigwa cha Zambezi. Makolo athu adaipatsa dzina lawolawo, Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza ngati chimanga chothetheka pa chiwaya. Katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, amene adacheza ndi nkhalamba zambiri m'midzi ya ku Malawi m'zaka za m'ma 1970, adatcha buku lake la mu 2000 ndi dzina lomweli. M'nkhani ino sindikhalitsa kumene mfuti zinkalira. Ndikufuna tione zimene nkhondoyo idachita kumunda, kunkhokwe, pamtondo ndi pabwalo la mfumu.

Moto ufika panyanja

Britain idalengeza nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914. Dziko lathu, limene linkatchedwa Nyasaland, lidali m'manja mwa Angerezi, pamene kutsidya kwa mtsinje wa Songwe ndi gombe la kumpoto chakum'mawa kwa nyanja kudali kwa Ajeremani, kumene lero ndi ku Tanzania. Pa 13 Ogasiti sitima ya Boma yotchedwa Guendolen idakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda poikonza padoko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli. Mfuti ya Guendolen mpaka pano ili ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi. Pa 9 Sepitembala Ajeremani adaukira Karonga koma adabwezedwa, ndipo imeneyi ndiyo nkhondo yaikulu yokhayo imene idamenyedwa pa nthaka yathu.

Pa tsikulo ambiri mwa owombera ndi owomberedwa adali anthu akuda. Batalioni yachiwiri ya King's African Rifles, imene makolo ankaitchula kuti Keyala, idali itathetsedwa mu 1911 pofuna kuchepetsa ndalama zimene Boma linkawononga, ndipo ena mwa asilikali ake atasowa ntchito adaoloka malire n'kukalowa usilikali wa Ajeremani. Motero anthu a mtundu umodzi, ena mwina a mudzi umodzi, adalozetsana mfuti pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya amene sadawaonepo ndi maso.

Mawu a Chilembwe

Munthu amene adaoneratu kumene zinthu zinkalowera adali Mbusa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'kalatamo adakumbutsa Boma kuti asilikali a ku Nyasaland adakhetsa kale magazi awo m'nkhondo za Angerezi kutali ndi kwawo, koma mtendere utabwera palibe chimene mtundu wawo udapindula. Mfundo yake yaikulu idali ya pakhomo: ngati kuli nkhondo, apite eni chuma ndi eni minda amene ali ndi choteteza, chifukwa mmphawi akafa sasiya kanthu koma mkazi wamasiye ndi ana amasiye osowa pogwira. Boma lidaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe.

Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adaukira, ndipo ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, adapha William Jervis Livingstone amene ankadziwika ndi nkhanza za thangata. Kuukirako kudatha m'masiku owerengeka. Chilembwe adawomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi Mulanje, otsatira ake ambiri adaphedwa kapena kuponyedwa m'ndende, ndipo tchalitchi chake chidagumulidwa. Mishoniyo idakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu adadzaitsegulanso. Zifukwa za kuukirako zidali zambiri, monga thangata, msonkho, malo ndi kunyozedwa kwa anthu ophunzira, koma nkhondo ndiyo idasonkhezera moto. Chomvetsa chisoni n'chakuti mavuto amene Chilembwe adalosera adali asanayambe n'komwe kukula pamene iye ankafa.

Amtengatenga

Zinthu zidasinthiratu mu 1916 pamene mkulu wa asilikali Edward Northey adasonkhanitsa gulu lankhondo la Nyasaland ndi Rhodesia n'kulowa nalo m'dziko la Ajeremani. Kuyambira pamenepo dziko lathu lidasanduka njira yodutsira katundu wankhondo. Katundu ankachokera kunyanja yamchere, n'kukwera ndi mtsinje wa Zambezi, n'kulowa m'sitima yapamtunda mpaka ku Limbe ndi Blantyre. Kuchoka apo ankadzera ku Zomba mpaka ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, n'kukwezedwa m'sitima zapanyanja. Ngakhale sitima ya mishoni ya Chauncy Maples idatengedwa kuti izinyamula asilikali. Koma katunduyo akatsika padoko, kutsogolo kudali mapiri ndi tchire. Misewu ya galimoto idali yochepa, ndipo nthawi ya dzinja inkasanduka matope okhaokha. Ng'ombe, abulu ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Chotsala chidali mutu wa munthu.

Akatswiri a mbiri yakale amawerengera kuti Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ena mwa ameneŵa adawerengedwa kawiri kapena katatu popeza adatengedwa maulendo angapo, komabe chiwerengerochi n'choopsa tikakumbukira kuti kalembera wa mu 1921 adapeza anthu pafupifupi 1,200,000 okha m'dziko lonse, kuphatikiza amayi, ana ndi nkhalamba. Ndiye kuti amuna ambiri a msinkhu wogwira khasu adalawako ntchito ya nkhondo.

N'chifukwa chiyani padafunika anthu ochuluka chotere? Yankho lili m'masamu apafupi. Mtengatenga ankasenza katundu wolemera makilogalamu pafupifupi 25. Tiyerekeze kuti akudya kilogalamu imodzi ya ufa patsiku, ndipo ulendo ndi wa masiku khumi kupita ndi masiku khumi kubwerera. Akadati azidya za pamutu pake, akadamaliza makilogalamu 20, n'kukafikitsa asanu okha. Choncho pamtengatenga aliyense wonyamula chakudya cha asilikali pankafunika ena angapo onyamula chakudya cha amtengatenga anzawo. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, ankazidziwa izi. Cholinga chake sichidali kupambana koma kuthawa akumenya, kuti Angerezi azimuthamangitsa. Mu Novembala 1917 adaoloka Rovuma kulowa m'Mozambique, ndipo njira zonyamulira katundu zidatalikirabe. Njira ikatalika, midzi inkapereka anthu enanso.

Mfumu pakati pa nyundo ndi mwala

Poyamba ena adapita mwa kufuna kwawo, makamaka kuusilikali, popeza malipiro ake adali okwera kuposa a pa esiteti, ndipo yunifolomu inkapatsa mnyamata ulemu. Koma za umtengatenga mbiri idabwera msanga kuti kumeneko kuli njala, chikoti ndi imfa. Odzipereka atatha, Boma lidayamba kugwira anthu. Lamulo la mu 1912 lidali litaika kale mafumu pansi pa mzungu wa kuboma, ndipo tsopano mfumu iliyonse inkauzidwa chiwerengero cha amuna oti ipereke. Amesenjala ndi apolisi ankazinga mudzi m'bandakucha. Amuna akathawira kuthengo, m'malo ena ankagwira akazi awo mpaka eni ake atatulukira.

Taganizani za nyakwawa imene ikudziwa mwana aliyense wa m'mudzi mwake ndi dzina, ndipo iyenera kuloza chala kuti uyu apite, uyu atsale. Ikakana, Boma liichotsa. Ikavomera, mayi wa mnyamata amene sadabwerere adzaiyang'ana ndi diso lotani pamaliro ndi pamowa? Zidandaulo za kukondera, zoti ana a kubanja la mfumu ankatsala pamene amphawi ndi obwera ankatengedwa, zidasiya chilonda pakati pa mafumu ndi anthu awo. Mfumu idayamba kuoneka ngati dzanja la Boma osati mthunzi wa mudzi.

Ena adakana. Inkosi Chimtunga Jere ya Angoni a ku Mzimba idakaniza anthu ake ndi chakudya chawo mu 1915, ndipo Boma lidaichotsa paufumu n'kuipirikitsira ku Chiromo, kumene idakhala mpaka 1920. M'chigawo chapakati amuna ena adabisala kumanda ndi kudambwe, kumene mesenjala wosalowa gule sakadayerekeza kuponda, motero gule wamkulu adasanduka linga la othawa. Ku Mozambique nkhanza za Apwitikizi pogwira anthu a ntchito yokakamiza ndi ya nkhondo zidautsa kuukira kwa ku Barue mu 1917, kumene kumadziwikanso ndi dzina la Makombe, ndipo kutagonjetsedwa anthu ambiri adathawira ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia.

Khasu m'manja mwa amayi

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yathu. Pamudzi wa makolo ntchito idali yogawana. Mwamuna ankaswa mphanje, kudula mitengo, kuluka nkhokwe, kufolera denga, kulondera munda kuti nguluwe ndi anyani zisaononge, ndiponso kupha nsomba kumene kuli nyanja. Mayi ankalima naye pamodzi, kuwonjezera apo kusinja, kutunga madzi, kutola nkhuni, kuphika ndi kulera ana. M'midzi ya chikamwini mphamvu za mkamwini zinkadyetsanso apongozi okalamba. Mwamuna akachoka miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ntchito zonsezi zinkagwera mayi, ana ndi nkhalamba. Munda watsopano sunkatsegulidwa, wakale unkaguga, ndime inkachepa. Ndipo nkhondo siinkayang'ana nyengo: ikafuna anthu mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, inkawatenga mu Novembala momwemo.

Pamene manja olima ankachepa, pakamwa pofuna kudya pankachuluka. Asilikali ndi amtengatenga zikwizikwi ankafunika ufa, nyemba, mpunga ndi nyama tsiku ndi tsiku. Boma linkagula chimanga m'midzi, mpunga wa kunyanja ndi ng'ombe za kumpoto pa mtengo umene lokha lidaika, ndipo mwini wake sadali ndi ufulu weniweni wokana. Nkhokwe imene kale inkasungidwa kuti idzapulumutse banja chaka cha chilala idapita kunkhondo. Midzi ya m'mbali mwa njira za amtengatenga ndiyo idavutika koposa, pakuti gulu la anthu anjala likadutsa silisiya chinangwa m'munda kapena nkhuku pakhomo. Pofika 1918 madera ambiri adali pa njala. Mvula ikavuta pang'ono pokha, panalibenso chotsamira.

Msonkho nawo sudagone. Kuyambira 1912 msonkho wa nyumba udali mashereni asanu ndi atatu, ndipo wogwirako ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka lake. Ndalama imeneyi inkafunikabe ngakhale dziko lili pa nkhondo. Nthawi yomweyo sitima zapanyanja yamchere zidatanganidwa ndi katundu wankhondo, ndipo zina zinkamizidwa, kotero nsalu, makasu ndi zina za m'sitolo zidasowa n'kukwera mtengo. Ndalama imene mtengatenga adabwera nayo siinkagulanso zimene ikadagula nkhondo isanayambe.

Sukulu nazo zidakhudzidwa. Amishoni ena adapita kunkhondo ngati abusa a asilikali, madokotala kapena oyang'anira amtengatenga, ndipo mmodzi wa iwo, Robert Napier wa mishoni ya Blantyre, adaphedwa ku Mozambique mu 1918. Aphunzitsi akuda adatengedwa kukakhala omasulira, alembi ndi othandiza m'zipatala. Sukulu zambiri za m'midzi zidatsekedwa kapena kungoyenda mwa apo ndi apo, ndipo ana amene akadakhala m'kalasi adali kumunda kulowa m'malo mwa atate awo.

Matenda

Chipolopolo sichidaphe amtengatenga ambiri. Adawapha ndi kamwazi, chibayo, malungo, nthomba ndi matenda oumitsa khosi. Aliyense amene adaphunzirako za unamwino angaone chifukwa chake. Munthu wosadya mokwanira, woyenda mtunda wautali atasenza katundu, wogona pansi pamvula m'mapiri ozizira alibe chofunda chokwanira, wakumwa madzi amene anthu mazanamazana adetsa kumtunda, thupi lake silingalimbane ndi kachilombo kalikonse. Ufa wosaphikidwa bwino chifukwa chosowa nthawi ndi nkhuni zouma unkawononga m'mimba. Matekenya ndi zilonda za kumapazi zinkapundula anthu oyenda opanda nsapato. M'nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, mbali ya Angerezi idagwiritsa ntchito amtengatenga pafupifupi 1,000,000, ndipo amene adafa amawerengedwa kuti adali pafupifupi 95,000. Ambiri amakhulupirira kuti chiwerengero chenicheni chidaposa apa, chifukwa wofera panjira pobwerera kwawo sadalembedwe m'buku lililonse.

Obwerera adabwera ndi matenda kumudzi, ndipo choopsa koposa chidafika pamapeto. Nkhondo ku Ulaya idatha pa 11 Novembala 1918, ndipo von Lettow-Vorbeck adatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia. M'miyezi yomweyo chimfine choopsa chija cha fuluwenza, chimene chidapha anthu pafupifupi 228,000 kuno ku Britain ndi mamiliyoni ambirimbiri padziko lonse, chidalowa m'dziko lathu. Chidapeza anthu ataunjikana m'misasa kudikira malipiro ndi chilolezo chopita kwawo. Atabalalika, aliyense adachitengera kumudzi kwake, kwa anthu amene njala idali itawafooketsa kale. Chimfinechi chidali ndi khalidwe lachilendo lokonda kupha achinyamata ndi anthu a mphamvu zawo, omwe aja mudzi unkawadikira kuti adzautse minda. Mabanja ena adalandira mwana wawo ndi nthungululu, patangopita masiku owerengeka n'kumuika m'manda pamodzi ndi amene adamulandira.

Maliro opanda mtembo

Pali vuto lina limene mabuku a Boma sakadalemba. Kwathu imfa siithera pa kuleka kupuma. Pamafunika kuona mtembo, kuulira, kuuika kumanda a makolo, kumeta, ndipo pambuyo pake kumasula wamasiye kuti ayambenso moyo. Nanga mwamuna akangopita osabwerera, popanda uthenga? Mwina mnzake wa ulendo umodzi ankabwera n'kunena kuti tidamusiya akudwala pamsasa wakutiwakuti. Kodi pamenepo mudzi ulire kapena udikire? Mayi wotere sadali wokwatiwa, sadalinso wamasiye. Akadikira, zaka zikupita ndipo ana akusowa wowalimira. Akakwatiwa, mwina mwini nyumba adzatulukira, mlandu n'kugwa pabwalo. Kuno ku Britain mkazi wa msilikali ankalandira kalata yomudziwitsa za imfa, kenaka penshoni. Kwathu mabanja ambiri a amtengatenga sadalandire ngakhale mawu.

Apa m'pamene mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe udagwira ntchito yake. Amalume, azakhali ndi agogo ndiwo adalera ana a anthu amene nkhondo idawameza. Dziko lidaimanso chifukwa cha mbumba, osati chifukwa cha thandizo lochokera ku Zomba kapena ku London.

Zimene nkhondo idasiya

Sikuti aliyense adaluza. Fodya wa ku Nyasaland adapeza msika wabwino ku Britain m'zaka za nkhondo, ndipo mu 1919 boma la Britain lidachepetsa msonkho pa fodya wochokera m'maiko a ufumu wake. Azungu amene adali asilikali adabwera kudzatsegula minda, kotero chiwerengero cha azungu m'dziko, chimene chidali chosakwana 800 mu 1911, chidafika pafupifupi 1,500 mu 1921. Msilikali wachizungu adapeza malo. Msilikali wakuda adapeza mendulo ndi kandalama kolowera kumudzi. Misewu imene idalambulidwa chifukwa cha nkhondo ndi magalimoto amene adabwera nayo zidathandiza kutsegula chigawo chapakati, kumene ulimi wa fodya wochiza ndi utsi udakula m'zaka za m'ma 1920 mpaka Boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926. Fodya amene wakhala msana wa chuma chathu kwa zaka zambiri adamera mizu yake m'nyengo imeneyi.

Chachiwiri ndi ulendo. Anthu athu adali atayamba kale kupita ku Salisbury ndi ku Johannesburg nkhondo isanabwere, koma nkhondo idazoloweretsa amuna ambiri kuyenda kutali, kugwira ntchito ya malipiro ndi kukhala pakati pa anthu a zilankhulo zina. Idazoloweretsanso midzi kukhala popanda amuna. Wobwerera kunkhondo atapeza munda waguga, nsalu yakwera mtengo, msonkho ukumudikira, njira ya kumigodi idaoneka yapafupi. M'zaka zotsatira mawu akuti matchona adakhazikika m'chilankhulo chathu.

Chachitatu chili pabwalo la magule. Beni wa Ayao, malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, ndi mganda wa m'chigawo chapakati adafala kwambiri m'nyengo ya nkhondoyi ndi pambuyo pake. Onani mizere yowongoka, kabudula woyera wositidwa bwino, masokosi ofika m'maondo, zikho zolira ngati malipenga a bandi, ndi maudindo a mfumu, kaputeni ndi dokotala. Anthu amene adaguba mokakamizidwa adatenga perete wa mzungu n'kumusandutsa chisangalalo chawo, mwina momutsanzira, mwina momuseka. Pamene tikuvina magule ameneŵa pa zikondwerero zathu za 6 Julayi kuno kunja, tikuvina mbiri ya nkhondo imeneyi ngakhale ambiri sitidziwa.

Chachinayi ndi maganizo. Amene adapita kunkhondo adaona mzungu akuopa, akudwala kamwazi, akufa ngati munthu wina aliyense. Adaonanso kuti malonjezo a nthawi ya mavuto amaiwalika mtendere ukabwera. Aphunzitsi, alembi ndi abusa adatenga njira ya mabungwe. North Nyasa Native Association idayamba kale mu 1912, koma nkhondo itatha mabungwe otere adachuluka, monga la Mombera la mu 1920, ndipo nkhanza zimene amtengatenga adaona zidali m'gulu la madandaulo awo. Levi Mumba, amene adali mlembi wa bungwe loyamba lija, ndiye adadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Ulendo wachiwiri

Mu 1939 ng'oma idaliranso. Amuna a ku Nyasaland oposa 25,000 adalowa usilikali, ndipo adakamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi m'nkhalango za ku Burma. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu limakumbutsa nkhondo ya mu 1940 pamalire a Kenya ndi Ethiopia pamene asilikali athu adalimbana ndi Ataliyana. Ulendo uno magalimoto adali atachuluka, kotero kugwira amtengatenga mwa unyinji ngati kale kuja sikudabwerezedwe, ndipo mabanja ena ankalandirako gawo la malipiro a msilikali. Komabe midzi idakhalanso yopanda amuna, katundu adasowanso m'masitolo, ndipo Boma lidazolowera kulamula mitengo ndi kagulitsidwe ka mbewu, khalidwe limene silidathe nkhondo itatha. Asilikali obwerera, amene adaona India ikuyandikira ufulu wake, adabwera ndi mafunso amene m'zaka za m'ma 1950 adasanduka mfuu.

Maina amene sadalembedwe

Ku Zomba kuli chipilala chachitali cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks, ndipo chaka chilichonse mu Novembala dziko limakumbukira asilikali ake. Kuno ku London kuli Memorial Gates pa Constitution Hill, zimene zidatsegulidwa mu 2002 pokumbukira anthu a ku Africa, ku Caribbean ndi ku chigawo cha India amene adatumikira pa nkhondo ziwirizi, ndiponso chipilala cha pa Windrush Square ku Brixton cha mu 2017. Ndi malo oyenera kupitako ndi ana athu.

Koma amtengatenga ambiri alibe manda odziwika ngakhale dzina pamwala. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, amene adafa potumikira Britain pa nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sadakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo ena sadakumbukiridwe n'komwe. Lipotilo lidanena poyera kuti tsankho ndilo lidachititsa zimenezi, ndipo nduna ya zachitetezo ya nthawi imeneyo, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo. Ngati amene adasenza katundu adaiwalika chotere, nanga amayi amene adasenza midzi yonse? Iwo sadalembedwe ngakhale m'kaundula wa malipiro.

Ife amene tili kuno nkhaniyi ikutikhudza mwa njira ina. Tidabwera mwa kufuna kwathu, palibe mesenjala adatigwira m'bandakucha, ndipo sitingafanizire moyo wathu ndi wa mtengatenga. Komabe dziko lathu lakhala likutumiza mphamvu za ana ake kunja kwa zaka zoposa zana limodzi, kunkhondo, kumigodi, ndipo m'masiku athu ano kuzipatala ndi kunyumba zosamalira okalamba. Nthawi zonse pamakhala wina wotsala amene akulera ana, kusamala odwala ndi kulima munda. Mbiri ya Chiwaya ikutiphunzitsa kumuwerengera munthu ameneyo.

Pempho langa ndi ili. Amene adaona nkhondo yoyamba adatha onse, koma adzukulu awo alipo, ndipo ambiri ndi makolo athu amene timawaimbira foni Loweruka ndi Lamulungu. Tikatha kufunsa za mvula ndi za fetereza, tiwafunsenso kuti kodi kubanja kwathu adapita kumtengatenga kapena ku Keyala ndani, adachokera mudzi uti, pansi pa mfumu iti, adabwerera kapena ayi, ndipo adalera ana ake ndani. Tilembe maina onse awiri, la wopita ndi la wotsala, ndipo tidzabwere nawo pamsonkhano wathu kuti tidzawaŵerenge pamodzi ana athu akumva.